Matchalitchi odzaza, mavoti ochepa

Lamulungu likakwana, matchalitchi ambiri a ku South Africa amadzaza mpaka ena kuima pakhomo. Komatu chipani cha African Christian Democratic Party, chomwe chimati chimayankhulira Akhristu, sichinapezepo mavoti okwana 2 pa 100 alionse pa chisankho cha aphungu.

Mbusa Kenneth Meshoe ndi anzake anachikhazikitsa mu 1993, ndipo chaka chotsatira chinapata mipando iwiri yokha mwa 400. Mu 1996 aphungu awiriwo ndi okhawo amene anavota kukana malamulo atsopano oyendetsera dziko, mwa zina poopa kuti adzaloleza kuchotsa mimba. Mu 2004 mipando inafika 7, koma chaka chotsatira aphungu ena anakalowa zipani zina. Mu 2009 inatsala itatu, chimodzimodzinso mu 2024.

Chomwe chachisunga ndi kagawidwe ka mipando kotsata mavoti onse amene chipani chapeza. Kukanakhala kupikisana dera ndi dera, monga ku Malawi ndi Zambia, bwenzi chitazimirira kalekale m'nyumba ya malamulo. Zikuoneka kuti mayi wa m'kwaya akalowa m'kachipinda kovotera amayamba wakumbukira madzi, nyumba, ntchito ya ana ake, ndiponso amene anathetsa tsankho.