Mukufuna udokotala? Mpikisano wake umayambira mu Folomu 3

Mukalowa m'kalasi ya Folomu 1 n'kufunsa kuti ndani akufuna kudzakhala dokotala, manja amakwera ambirimbiri. Mukafunsanso funso lomwelo mu Folomu 4, manja aja amakhala atachepa, ndipo ena mwa otsalawo amaimika mwamanyazi. Si kuti nzeru zawathawa ayi. Ambiri amazindikira mochedwa kuti khomo limene akufuna kulowa lili ndi makiyi ake, ndipo makiyi ena adawasiya m'mbuyo osadziwa. Lero ndikufuna tikambirane za makiyi amenewa nthawi ikadalipo.

Sukuluyo ili kuti, ndipo idachokera kuti?

Kale Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kuwoloka nyanja. Dr. Daniel Malekebu adamaliza maphunziro ake ku Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda adamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937 asanapite ku Edinburgh. Dziko lino lidakhala ndi sukulu yakeyake ya madokotala mu 1991, pamene College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre pansi pa University of Malawi. Mmodzi mwa amene adalimbikira kuti sukuluyi ikhalepo ndi Pulofesa John Chiphangwi, dokotala wa amayi. Ophunzira oyambirira ankayambira maphunziro kunja n'kudzamalizira kuno, kenako maphunziro onse adayamba kuchitikira konkuno.

Mu 2021 College of Medicine idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, imene tonse timangoti KUHeS. Digiri ya udokotala imatchedwa MBBS. Wochokera ku MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, chimene amabwereza mozama Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, kenako zaka 5 za udokotala weniweni. Zonse pamodzi ndi zaka 6. Zaka zoyambirira amaphunzira mmene thupi lidapangidwira ndi mmene limagwirira ntchito, ndipo zotsatirazo amathera m'mawodi, m'zipatala ngati Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Ku Mangochi amakaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi. Akalandira digiri sizinathe: pamakhala chaka ndi theka chogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, Medical Council of Malawi isanamulole kugwira payekha.

Ndatchula zaka zonsezi dala. Amene akufuna udokotala chifukwa cha jasi yoyera basi, awerengere kaye zakazo.

Malangizo a pa intaneti si onse a kuno

Mukasaka pa YouTube kapena TikTok za kulowa sukulu ya udokotala, mupeza anthu akukamba za MCAT, UCAT, makalata odzifotokoza ndi ma intaviyu. MCAT ndi mayeso a ku America ndi Canada, ndipo ku America munthu amayamba wapeza digiri ina asanalowe udokotala. UCAT imalembedwa ndi ofuna malo ku Britain, Australia ndi New Zealand. Zimenezo n'zoona kwawoko. Kuno, wophunzira wongomaliza Folomu 4 amafunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku National Council for Higher Education, NCHE, ndipo chimene chimamuyankhulira kwambiri ndi zotsatira za MSCE. Simudzakhalapo kuti mufotokoze kuti mumakonda odwala, kapena kuti sukulu yanu inalibe mphunzitsi wa Physics temu yonse. Manambala a pa satifiketi ndi amene adzayankhule m'malo mwanu.

Mapointi okha sakwanira

Mukudziwa kale kuti MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, choncho mapointi abwino kwambiri ndi 6. Kuti mufunsire malo ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi.

Koma apa m'pamene ambiri amapunthwa. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana, ndipo ku udokotala ndi Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Tiyeni tiyerekeze ophunzira awiri. Woyamba wapeza 1 pa Chichewa, 1 pa Bible Knowledge, 1 pa Agriculture, 2 pa Geography, 3 pa Chingerezi ndi 3 pa Biology. Ali ndi mapointi 11, ndipo kwawo nkhuku yafa. Koma masamu wapeza 5, Chemistry 5, Physics 6. Wachiwiri wapeza 2 pa masamu, Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture, ndi 3 pa Chingerezi. Ali ndi mapointi 13. Pa bolodi ya sukulu woyamba uja ali pamwamba, koma pa nkhani ya udokotala wachiwiriyu ndiye waima pabwino, chifukwa mphamvu zake zili pa maphunziro amene akufunikawo.

N'chifukwa chake ndikuti mpikisano umayambira mu Folomu 3, pamene mukusankha maphunziro. Kale Chemistry ndi Physics zinali phunziro limodzi la Physical Science, koma pano n'zosiyana, ndipo pali chiyeso chosiya imodzi kuti katundu apepuke. Mnzanu akakuuzani kuti “siya Physics, ingokuonongera mapointi”, mufunseni kuti iyeyo akufuna kudzachita chiyani. Phunziro limene simunalembe pa MSCE silingakuthandizeni pa fomu, ngakhale ena onse mutakhoza ndi 1.

Bwanji amaumirira maphunziro amenewa?

Si nkhanza ayi. Taonani chimene chimachitika mwana wotsegula m'mimba akapatsidwa Thanzi ORS. M'paketi muja muli mchere ndi shuga pa muyeso wake. M'matumbo aang'ono muli timapuloteni timene timalowetsa sodium ndi glucose m'maselo pamodzi, china chikasowa chinzake sichilowa bwino panjira imeneyi. Ziwirizi zikalowa, madzi amazitsatira mwa osmosis yomwe ija mumajambula ndi mbatatesi mu Folomu 3. Kamfundo kameneka, kamene kali theka Biology theka Chemistry, kapulumutsa ana ochuluka zedi pa dziko lonse.

Masamu nawo ali pa bedi la wodwala. Mankhwala ambiri a ana amaperekedwa potengera kulemera kwa mwana, n'chifukwa chake kuchipatala amayamba amukweza pasikelo asanamupatse LA. Tiyerekeze mankhwala ena amene muyeso wake ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, ndipo mwana akulemera makilogalamu 12. Akufunika mamiligalamu 180. Ngati m'botolo muli mamiligalamu 120 pa mamililita 5 alionse, apatsidwe mamililita 7.5. Mukasuntha kadontho kaja malo amodzi, mwamupatsa 75, kuchulukitsa ka 10. Pa mayeso mungataye malikisi awiri. M'wodi mungataye mwana.

Physics ili mu BP imene agogo amayezetsa, mu X-ray, mu sikani ya amayi oyembekezera imene imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso, ngakhale m'magalasi a maso. Nanga Chingerezi? Mabuku onse a udokotala amene mudzawerenge ndi a Chingerezi, ndipo ndi ochindikala ngati njerwa. Koma musanyoze Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao chanu: wodwala adzakufotokozerani ululu wake m'chinenero cha kwawo.

Kuwerenga kumene kumagwira ntchito

Mu 1885 Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, adasindikiza zimene adapeza podziyesa yekha: zimene taphunzira zimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachedwa. Kubwereza patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti maola 6 a Chemistry ogawidwa pa masabata atatu amaposa maola 6 a usiku umodzi mayeso ali mawa.

Mfundo yachiwiri ndi iyi. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, adapeza kuti ophunzira amene ankatseka nkhani n'kuyesa kuikumbukira ankakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene ankangoiwerenga mobwerezabwereza. Kuwerenga notsi kachitatu kumakoma chifukwa zonse zimaoneka zodziwika, koma kuzindikira chinthu ukachiona n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu pepala lili lopanda kanthu. Ndiye tsekani kope, jambulani mtima ndi mitsempha yake, lembani maina, kenako tsegulani muone pamene mwaphonya. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo muziwalemba mutatchera nthawi, osati kumangowerenga mayankho. Mufotokozereni mnzanu mmene impso imasefera magazi. Pamene muyambe kuchita chibwibwi, pamenepo ndi pamene simunamve.

Za kuviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti muchezere usiku wonse, ndikuti ayi. Ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira masana pamene mukugona, ndipo wa msinkhu wanu amafunika maola 8 mpaka 10. Kuba tulo n'kudzibera wekha.

Nanga ife a ku CDSS?

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga izi muli pa sukulu imene labu yake ndi kabati imodzi ya mu ofesi ya ahedi, pamene anzanu a ku sukulu za national ali ndi zonse. Mpikisano wake si wofanana, ndipo sindinama kuti ndi wofanana. Koma mapepala a pulakitiko a sayansi mudzalemba ndithu, choncho musadikire kuti muone burette koyamba tsiku la mayeso. Pemphani aphunzitsi anu akambirane ndi sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi labu, ngakhale Loweruka limodzi pa mwezi. Pezani silabasi ya phunziro lililonse n'kumachonga mitu imene mwamaliza, kuti mutu umene kalasi silinafike muuone msanga n'kuufunsa. Kagulu ka anthu anayi kapena asanu olimbikira kamaposa gulu la anthu 20 ongocheza.

Tsiku lodzaza fomu

Zotsatira zikatuluka, NCHE imalengeza m'nyuzipepala ndi pa tsamba lake la pa intaneti kuti yayamba kulandira mafomu. Chilengezocho chiwerengeni chonse, mzere ndi mzere, chifukwa ndi chimene chimanena magiredi ofunika pa pulogalamu iliyonse, zaka za MSCE zimene zikuloledwa, ndalama yolipira ndi tsiku lotsekera. Musadalire zimene adachita achimwene anu zaka zitatu zapitazo. Dzina ndi nambala ya mayeso zikhale ndendende ngati za ku MANEB. Umboni wa malipiro usungeni. Ngati wina akukudzazirani ku kafe ya intaneti, khalani pambali pake mpaka atumize, ndipo nambala ya foni ikhale yanu kapena ya makolo anu.

Posankha mapulogalamu, yerekezani magiredi anu ndi zimene zikufunika, moona mtima. Malo a MBBS ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna, ndipo kukwanitsa zofunika sikutanthauza kuti mwatengedwa. Ikani udokotala poyamba ngati magiredi akulola, koma zisankho zinazo zikhale zimene mungazikonde komanso kuzipeza. Ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi munthu mkati amene angakupezereni malo mukamupatsa kangachepe, ameneyo ndi wakuba. Za fizi, pali bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene limapereka ngongole kwa ophunzira osowa, ndipo fomu yake ndi yapadera.

Dzina likapanda kutuluka

Chipatala si dokotala yekha. Ku KUHeS komweko kuli Pharmacy, Medical Laboratory Sciences, Physiotherapy, unamwino ndi uzamba, komanso udokotala wa mano umene udayamba mu 2019. Mzuzu University imaphunzitsa za maso. Malawi College of Health Sciences, ndi makoleji ena a mipingo ngati Malamulo ku Thyolo, amaphunzitsa ma clinical officer, amene m'zipatala za m'maboma amaona odwala ambiri ndipo amachita ngakhale opaleshoni ya amayi obereka. Ena mwa iwo amadzapitiriza maphunziro mpaka digiri. Palinso khomo la MBBS la amene ali ndi A-Level kapena digiri ya sayansi, ndipo kubwereza Folomu 4 kuti mukonze magiredi si chamanyazi.

Ngati muli mu Folomu 2, kafunseni aphunzitsi sabata ino kuti sukulu yanu imalembetsa Chemistry ndi Physics zonse ziwiri kapena ayi. Ngati muli mu Folomu 3 kapena 4, tengani lipoti lanu la temu yatha, lembani magiredi a maphunziro asanu aja pa pepala, ndipo zungulizani lofooka kwambiri. Limenelo ndiye loyamba kuwerenga madzulo ano.