Thandika Mkandawire ndi Funso la Ntchito ya Boma pa Chuma

Kodi Thandika Mkandawire anali ndani?

Anabadwa pa 10 Okutobala 1940 ku Gwanda, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, bambo ake ali Mmalawi. Ali mnyamata ankalemba nkhani mu Malawi News, kenako anapita ku Ohio State University ku America kukaphunzira zachuma. Nduna zitasemphana ndi Dr Kamuzu Banda mu 1964, boma linamulanda pasipoti, ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30, Sweden n'kukhala kwawo kwachiwiri. Anatsogolera CODESRIA, bungwe la akatswiri ofufuza za Africa ku Dakar, kuyambira 1986 mpaka 1996, kenako UNRISD, bungwe la United Nations lofufuza za chitukuko cha anthu, ku Geneva kuyambira 1998 mpaka 2009. Pomaliza anali pulofesa ku London School of Economics. Anamwalira ku Stockholm pa 27 Malichi 2020.

Nanga ankatsutsana ndi yani?

Mu 1981 World Bank inatulutsa lipoti la Elliot Berg lonena kuti chuma cha Africa chalowa pansi chifukwa maboma akulowerera m'zinthu zoyenera amalonda. Mankhwala ake anali amodzi kwa odwala onse: gwetsani mphamvu ya ndalama yanu, chotsani sabuside, gulitsani makampani aboma, chepetsani ogwira ntchito m'boma. Malawi anayamba kumwa mankhwalawa chaka chomwecho. Mlimi anaona feteleza akukwera mtengo, ndipo kuyambira 1987 misika ina ya ADMARC kumidzi inayamba kutsekedwa.

M'buku la Our Continent, Our Future, limene analemba ndi Charles Soludo wa ku Nigeria mu 1999, Mkandawire anasonyeza kuti ndondomekozi zinkangosamala kuti mabuku aboma alingane ndiponso kuti ngongole zibwezedwe, koma za misewu, mafakitale ndi sukulu zinaiwalika. Boma linasanduka mlonda wa usiku, woyang'anira katundu wa ena.

Koma si zoona kuti maboma athu ngakatangale ndipo sangayendetse chitukuko?

Apa ndi pamene ndimamugomera kwambiri. Katangale sankamukana. Ankakana zoti katangaleyo ndi chibadwa cha Mwafrika. M'nkhani yake ya 2001 mu Cambridge Journal of Economics anakumbutsa anthu kuti mitengo ya mafuta isanakwere kwambiri m'ma 1970, mayiko angapo a mu Africa ankakula mofulumira, ndipo Botswana ndi Mauritius anapitirirabe. South Korea ndi Taiwan, amene amatamandidwa, anali nawo akuba awoawo m'boma, komabe maboma awo anasankha mafakitale oti awalere, anawapatsa ngongole zotsika mtengo n'kuwateteza kufikira atakhwima. Choncho funso n'lakuti: mumangiranji munthu miyendo kenako n'kumuseka kuti satha kuthamanga? Boma limene lachotsedwa akatswiri ake, malipiro a otsalawo n'kudyedwa ndi kukwera mitengo kwa zinthu, lingalephere bwanji kufooka?

Amalawi opita kukaoda katundu ku Dubai amabwerako akusimba za nyumba zosanja za ku Business Bay. Kodi chitukuko chimene ankanena ndi chimenechi?

Theka lake. Dubai sanamangidwe ndi msika wokha. Doko la Jebel Ali la 1979 ndi ndege za Emirates zimene zinayamba mu 1985 ndi ntchito za boma, ndipo Business Bay inayambitsidwa ndi Dubai Properties, kampani ya pansi pa wolamulira wa mzindawo. Ngongole zitavuta mu 2009, ntchito zambiri zomanga zinaima, ndipo amene anapulumutsa Dubai ndi boma la Abu Dhabi, limene linapereka madola 10 biliyoni mu Disembala chaka chimenecho.

Theka linalo mulibe. Mkandawire ankafuna boma lotukula dziko, losankhidwa ndi anthu, komanso losamala onse pa maphunziro, chipatala ndi penshoni, chifukwa kwa iye zimenezi ndi mbewu ya chuma, osati zachifundo. Amene anasenza simenti ya nsanja za ku Business Bay ambiri ndi alendo ochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh, opanda voti ngakhalenso unzika.

Nanga ife kuno tiphunzirepo chiyani?

Mkandawire anatchula maboma athu kuti demokalase yopanda chosankha. Timavota, chipani chimasintha, koma ndondomeko ya chuma imakhala itakambidwa kale ndi obwereketsa. Kwacha inasiyidwa kuti iziyenda yokha pamsika mu 1994, inagwetsedwa mu 2012, mu 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Maboma anali osiyana, mankhwala omwewo, ndipo ndalama zakunja tikudalirabe fodya.

Aphunzitsi a zachuma ku Zomba ndi ku Bunda, ikani zolemba za mwana wakwathuyu patsogolo pa ophunzira anu, pambali pa za Keynes ndi Friedman. A m'boma amene mumakakhala pa tebulo ndi IMF, muwerengeni musananyamuke.