Maola Atatu Oyamba: Phunziro la pa Manjawira

Aliyense amene adayendapo pa mseu wa M1 akudziŵa pa Manjawira, m'boma la Ntcheu, pamene galimoto za ku Blantyre ndi za ku Lilongwe zimapambana usana ndi usiku. Tsiku lina madzulo ndidaona mnyamata wa kabaza atagundidwa ndi minibasi pamenepo. Anthu adaunjikana, ena adamthira madzi, ena nkumakangana za wolakwa, uku magazi ali chuchuchu pantchafu. Ine ndemwe, ndi maphunziro anga onse, ndidangoti kakasi. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo adanditumiza kukafufuza zimene madokotala apeza m'zaka zino.

Mwa imfa za ovulala zimene zikadapeŵeka, zambiri zimadza chifukwa cha kutaya magazi. Munthu akavulala, magazi amaundana pabala ndi kutseka mtsempha, koma thupi lomwelo lili ndi mphamvu ina yosungunula choundanacho. Mu 1962 Utako Okamoto ndi mwamuna wake Shosuke, akatswiri a ku Japan, adalengeza za mankhwala otchedwa tranexamic acid, amene amaletsa kusungunukako.

Padapita zaka zambiri asanayesedwe mokwanira pa anthu a ngozi. Mu 2010 kafukufuku wa CRASH-2, wotsogozedwa ndi akatswiri a ku London, adatulutsa zotsatira za ovulala 20,211 a m'maiko 40. Mwa anthu 100 alionse amene sadalandire mankhwalaŵa adamwalira 16, pamene mwa olandira adamwalira pakati pa 14 ndi 15. Kusiyanaku kungaoneke kochepa, koma ovulala pa dziko lapansi ndi miyandamiyanda. Mu 2011 akatswiriwo adapezanso mfundo yoposa: mankhwalaŵa amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe, makamaka mu ola loyamba, koma akachedwa kuposa apo sathandiza, ndipo angathe kuvulaza. Chaka chomwecho bungwe la WHO lidaŵaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika. Mu 2017 kafukufuku wa WOMAN, wa amayi 20,060, adaonetsa kuti amapulumutsanso otaya magazi pobereka.

Tsono, aŵerengi, jakisoni ameneyu amabaya ndi achipatala, koma maola atatuwo amayamba kutha ali m'manja mwathu. Mphindi iliyonse ya mkangano pamseu tamubera wovulalayo.

Ntchito yathu nayi. Valani jumbo kumanja, pindani chitenje choyera, ndipo tsinditsani pabala ndi mphamvu, osakweza kuti musuzumire. Chikanyoŵa, sanjikizani china pamwamba. Musathire dothi kapena phulusa. Musampatse madzi ngakhale chakudya, pakuti angatsamwe, ndiponso mwina akafunika opaleshoni. Musampotoze khosi pomnyamula. Ngati wakomoka koma akupuma, mgonekeni chammbali, mutu ndi msana zili molunjika. Mfunditseni, chifukwa magazi a munthu wozizidwa saundana bwino. Wina afune galimoto ya ku chipatala cha Ntcheu kapena cha Balaka, wina alembe nthaŵi imene ngozi yachitika, akauze namwino pofika.

Kuchipatalako musadabwe wobwera pambuyo akayamba kuthandizidwa. Njira ya ETAT, yosankha ana odwalitsitsa kuti ayambe ndiwo, imene WHO idafalitsa mu 2005, idakulira kwathu konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi khama la Professor Elizabeth Molyneux ndi anzake.

Aphunzitsi anzanga, phunziro ili silitha ndi mphindi 40 zomwe, ndipo zipangizo zake ndi chitenje ndi jumbo basi. Inu amene mwatsiriza sukulu, ambiri a inu mumagulitsa malonda m'mbali mwa mseu, kotero ngozi ikagwa oyamba kufika ndinu. Akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

M'gawo lotsatira tidzakambirana za mwana wokomoka ndi malungo.