Chifukwa chake nyimbo za 'lossless' sizifika zonse pa Bluetooth

Ng'oma za Vimbuza, gule wa Atumbuka wa ku Rumphi yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, zimalira pamodzi ndi kuwomba m'manja ndi mawu a amayi oyimba. Wojambula gule wotere amafuna kusunga kamvekedwe konse, ndipo n'chifukwa chake amasankha mafayilo a lossless, monga FLAC, omwe sataya kanthu. Koma womvera pa timahedifoni topanda waya nthawi zambiri salandira zonsezo.

Vuto lagona pa kukula kwa njira. Nyimbo ya pa CD imafuna makilobiti 1,411 pa sekondi iliyonse. Bluetooth imayenda pa mafunde a 2.4 GHz, omwe imagawana ndi Wi-Fi, ndipo mafundewo amafooka akadutsa m'thupi la munthu, monga foni ikakhala m'thumba la thalauza. Kuti mawu asamadukeduke, foni imayamba yafinya nyimbo isanaitumize, n'kutaya tizigawo tomwe khutu silimva msanga.

Njira ya SBC, yomwe ili m'timahedifoni tonse ta nyimbo, imafika pafupifupi makilobiti 328. AAC, yomwe iPhone imagwiritsa ntchito, imakhala pafupifupi 256. LDAC ya kampani ya Sony imakwera mpaka 990, komabe imataya zina. Mu 2021 kampani ya Qualcomm inalengeza aptX Lossless, koma imagwira pokhapokha foni ndi timahedifoni zonse zili nayo, ndiponso mafunde ali bwino. Chaka chomwecho Apple inayamba kupereka nyimbo za lossless pa Apple Music, ndipo inanena poyera kuti pa Bluetooth mahedifoni ake a AirPods sazilandira momwe zilili.

Kwa wogula bandulo ya Airtel kapena TNM, nkhaniyi ndi ya ndalama. Nyimbo ya mphindi zinayi ya pa CD ndi pafupifupi 42MB, ndipo FLAC imaichepetsa kufika pafupi theka. Nyimbo yomweyo pa makilobiti 256 siposa 8MB. Womvera pa Bluetooth akasankha lossless amalipira data yochuluka pa mawu omwe foni idzawadule.

Choncho lossless ndi yoyenera posunga zojambula zamtengo wapatali ngati za Vimbuza, kuti zidzafike kwa mibadwo ya m'tsogolo zili zathunthu. Wofuna kuzimva momwe zinajambulidwira agwiritse ntchito mahedifoni a waya. Wa timahedifoni topanda waya asankhe mulingo wapakati mu pulogalamu yake ya nyimbo, asunge data.