Kuchokera pa sikelo kufika pa kompyuta ku msika wa Lundazi

Munthu woyang'anira ntchito yogula mbewu pa msika wa Lundazi kawirikawiri amayambira pa sikelo, pomwe amaphunzira kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 limapepuka pakapita masabata ngati chimangacho chinagulidwa chisanaume. Apa m'pamene amazolowera kuyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kusunga kaundula, kupeza matumba ndi kunyamutsa malole opita ku Chipata pa nthawi yake. Akakhwima amapatsidwa pulojekiti, kutanthauza ntchito yokhala ndi poyambira, pothera ndi ndalama zowerengeka, monga nyengo imodzi yogula mbewu ya Food Reserve Agency kapena ya COMACO, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo limagula mtedza, soya ndi mpunga kwa alimi a m'chigwa cha Luangwa.

Luso losanthula ziwerengero ndi limene olemba ntchito amalitamanda masiku ano, komatu limasocheretsa munthu wosadziwa dera. Boma la Lundazi litagawidwa mu 2018, n'kubadwa maboma a Lumezi ndi Chasefu, ziwerengero za zokolola zakale zinasiya kugwirizana ndi zatsopano, moti wongodalira kompyuta angaganize kuti ulimi walowa pansi, pamene chasintha ndi malire okha.