Mkangano wa zilankhulo za makompyuta ukhudza foni za ku Karonga

Mayi wogulitsa mpunga wa Kilombero pamsika wa Karonga akalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, chomwe amadikira ndi uthenga woti ndalama zalowa basi. Koma kuti uthengawo uoneke, foni yake imakhala yatsata malangizo miyandamiyanda omwe munthu wina adalemba m'chilankhulo cha makompyuta.

Anthu a m'bomali nkhani ya zilankhulo amaidziwa bwino. Pachipata cha Songwe, wamalonda wochokera ku Kyela amafika ndi Chiswahili, mnzake wakuno ali ndi Chinkhonde kapena Chitumbuka, ndipo pena pamafunika wachitatu womasulira kuti mtengo umveke.

Foni nayo imafuna womasulira chifukwa imangomva manambala awiri, 0 ndi 1. Munthu akalemba malangizo, pulogalamu yotchedwa compiler ndiyo imawatembenuza kuti makina awamve. Odziwika kwambiri ndi GCC, yomwe Richard Stallman adatulutsa mu 1987, ndi Clang.

Gogo wa zilankhulo zomangira maziko a makompyuta ndi C, chomwe Dennis Ritchie adakonza ku Bell Labs m'dziko la America cha m'ma 1972. Mtima wa foni iliyonse ya Android, kaya ndi itel kaya Tecno, ndi pulogalamu ya Linux, ndipo mbali yake yaikulu idalembedwa mu C. Chilankhulochi chimathamanga, sichidya malo ambiri komanso chimagwira ngakhale pa timakina tating'ono totchipa. C++, chomwe Bjarne Stroustrup adayamba kukonza mu 1979, chidaphukira pa tsinde lomweli.

Vuto lake n'loti compiler ya C imakhulupirira wolemba mopitirira muyeso. Zili ngati mlonda wa nyumba yosungiramo mpunga amene amalola aliyense kuika kapena kutenga thumba osaona ngati waloza malo ake. Wolemba akaphonya pang'ono, pulogalamu imatha kuwerenga kapena kulemba pamalo a pulogalamu ina, ndipo mpata wotere ndi womwe akuba a pa intaneti amasakasaka.

Mu 2019 kampani ya Microsoft idaulula kuti pafupifupi 70 mwa zibowo 100 zilizonse zomwe imatseka m'mapulogalamu ake zimachokera ku vuto limeneli. Pa 19 July 2024, pulogalamu ya kampani ya CrowdStrike idawerenga kunja kwa malo ake, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni n'kuima, moti ndege, mabanki ndi zipatala m'maiko ambiri zidasokonekera.

Apa ndi pomwe padalowera Rust, chilankhulo chomwe Graydon Hoare adayambitsa ndipo chidakhwima mu 2015 mothandizidwa ndi Mozilla. Compiler ya Rust ndi mlonda wovuta. Imafuna kudziwa mwini wa thumba lililonse, ndipo ikakayika imakana kumasulira kufikira wolemba atakonza. Cholakwika chimagwidwa chisadafike m'foni ya munthu, pomwe liwiro lake n'lofanana ndi la C.

Google idayamba kulola Rust m'maziko a Android mu 2021, ndipo Linux idachilandira mu December 2022. Malingana ndi Google, zibowo za mtunduwu mu Android zidatsika kuchoka pa 76 mwa 100 mu 2019 kufika pa 24 mu 2024, kaamba kolemba mapulogalamu atsopano m'zilankhulo zotetezeka.

Komabe Rust ili ndi minga yake. N'chovuta kuphunzira, compiler yake imachedwa kumaliza ntchito, ndipo pali makina ena omwe GCC imawafikira koma Rust siidawafike. Kuonjezera apo, mapulogalamu olembedwa mu C kwa zaka 50 sangagwetsedwe tsiku limodzi. Go, chomwe Google idatulutsa mu 2009, n'chosavuta ndipo chimamasuliridwa msanga, koma chimadya malo ochulukirapo, choncho chimakondedwa pa makompyuta akuluakulu osati pa timakina tating'ono.

Kwa banja la ku Chilumba kapena Kaporo, phindu la mkanganowu lili poti foni ikapempha kulandira mapulogalamu atsopano, bandulo yake si yotaya. Nthawi zambiri amakhala akutseka zibowo zomwe mbava zikadalowera. Foni yakale yomwe idasiya kulandira zoterezi siyenera kusungitsidwa ndalama zambiri.

Nawo makolo omwe ana awo akulakalaka maphunziro a makompyuta ku Mzuzu University kapena University of Livingstonia asadabwe mwana akamayambira C kapena C++. Wodziwa C amamvetsa momwe makina amagwirira ntchito, ndipo akadzafika pa Rust amadziwa kale ngozi yomwe mlonda wovutayo akumuteteza nayo.