Ku Britain ngakhale mtedza wa mbalame amauyeza chuku

Mwana wa ku Nsaru amakula ndi legeni m'khosi, ndipo njiwa ikatera pafupi ndi nkhokwe, ndiwo zapezeka. N'chifukwa chake Mmalawi wongofika kumene ku Leeds kapena ku Manchester amagwira pakamwa akaona agogo a nyumba yoyandikana nayo akutuluka m'mamawa wa Januwale, chijasi chili m'thupi, kukathirira mbalame zakutchire chakudya chochita kugula m'sitolo.

Chimawachititsa ndi chisanu. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, nthaka imauma gwa, madzi amaundana, tizilombo timasowa. Kambalame kakagona ndi njala usiku wautali chotero, mwina sikadzuka. Choncho kuseri kwa nyumba amapachika timabotolo ta mpendadzuwa, mibulu ya mafuta a ng'ombe ndi tizikwama ta waya todzaza mtedza wopanda mchere, woti mbalame izijompha pang'onopang'ono.

Legeni kumeneko ingakupalamulitse. Lamulo la 1981 limaletsa kupha mbalame zakutchire, kuphwasula zisa zomwe zikugwiritsidwa ntchito kapena kutola mazira. Bungwe loteteza mbalame la RSPB, lomwe linayamba mu 1889, limaitana anthu kumapeto kwa Januwale aliyense kuti akhale ola limodzi akuwerenga mbalame zotera pakhomo pawo, n'kutumiza chiwerengerocho. Kalembera ameneyu, Big Garden Birdwatch, anayamba mu 1979. Bungweli limakumbutsanso anthu kutsuka modyeramo, poti kuyambira 2005 matenda a trichomonosis, ofalikira m'malovu, apulula mbalame zotchedwa greenfinch.

Koma nkhani yofika pamtima wa mlimi wa ku Nsaru ndi ya mtedza. Ogula amalangizidwa kusankha wokhawo woyezedwa kuti ulibe poizoni wa chuku, aflatoxin, chifukwa amapha mbalame. Poizoni yemweyo amawononga chiwindi cha munthu, ndipo ndi chimodzi mwa zomwe zakhala zikutsekereza mtedza wa Malawi pamisika ya ku Ulaya. N'zowawa kuti kuno wabwino umapita kwa mavenda, wonyala ndi wakuda uja n'kusinjidwa nsinjiro za phala la mwana.

Alimi a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, umitsani mtedza mokwanira, osauyanika padothi, ndipo lekani kuuwaza madzi pofuna kuti usendeke msanga. Wachuku tayani, musapatse ana ngakhale nkhuku.